Pa ngozi ya m'chisanu, bulangete ndi mankhwala

June ndi July ndi miyezi imene msewu wa M1 sugona kuno ku Kasungu. Msika wa fodya uli mkati, malole a mabelo akuthamangira ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ngolo zikutuluka m'midzi kudzatula katundu m'mbali mwa tala, ndipo amene wagulitsa kale ali paulendo wokagula malata, njinga kapena feteleza. Miyezi yomweyi ndi imene dzuwa limalowa msanga, cha m'ma 5:30 madzulo, usiku n'kutalika, ndipo m'bandakucha kuzizira kumatsika kufika pa madigiri 10, m'madambo n'kutsikirapo. Anthu ambiri amanyamuka kudakali mdima kuti akapezeke patsogolo pa mzere, ena amabwerera usiku atatopa. Kuno kulibe sinowo amene amatseka misewu ku Ulaya, n'chifukwa chake tikamva za ngozi za nyengo yozizira timaziyesa nkhani za kunja. Koma chisanu chathuchi nacho chimapha pamsewu, ndipo chimapha m'njira imene ambiri saiganizira.

Munthu akamwalira pangozi timati galimoto yamupha. Ena zimakhaladi choncho, amatsirizika pomwepo ndipo palibe chimene wina akanachita. Koma alipo ambiri amene amatuluka m'galimoto akupuma, akuyankhula, ena akufunsa za katundu wawo, kenako n'kufooka pang'onopang'ono ali chigonere m'mbali mwa msewu kapena ali kumbuyo kwa pikapu yowathamangitsira kuchipatala. Amenewa amawapha ndi magazi amene sanaletsedwe, mpweya umene unatsekeka pakhosi, ndi kuzizira. Zitatu zonsezi zimayamba dokotala asanamuone wovulalayo, ndipo amene amakhalapo nthawi imeneyo ndi inu: mayi wogulitsa mbatata pasiteji, bambo amene nyumba yake ili pafupi ndi mlatho, wodzipereka wa zaumoyo amene wadzutsidwa ndi phokoso.

Bungwe la WHO, m'lipoti lake la mu 2023, linati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndi zimene zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Makolo timalimbana ndi malungo, timathamangira katemera, timawiritsa madzi, kenako mwana yemweyo timamukweza pamwamba pa mabelo 4 koloko m'mawa.

Tiyambe ndi chifunga, poti ndi chimene chimabweretsa ngozi zambiri za m'mawa. Usiku wa nyengo ino kumwamba kumakhala kopanda mitambo, choncho kutentha kumene nthaka inasunga masana kumathawa msanga. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'malo otsika: m'madambo, ndi m'zigwa za mitsinje ngati Bua ndi Dwangwa, imene M1 imawoloka. Mmenemo chinyontho cha mumpweya chimasanduka timadontho tating'ono, ndiye chifunga chija. Kuipa kwa chifunga cha kuchigwa kuno ndi koti sichikhala ponseponse. Dalaivala amayenda makilomita khumi msewu ukuoneka bwino, liwiro n'kukwera, kenako potsetsereka kulowa pamlatho n'kupezeka ali m'kati mwa choyera, pamalo pomwe msewu uli wopapatiza ndipo palibe kothawira. Opita kumpoto akadutsa Jenda n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya amakumana ndi china chachikulu, cha ku Chikangawa, chimene chimatha kukhala tsiku lonse pamodzi ndi kamvula kowaza. Dziko lonse likukumbukira kuti kunali nyengo yotere m'nkhalango imeneyo pa 10 June 2024, tsiku limene ndege inagwa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu.

Masamu ake ndi awa, ndipo ndikupempha odzipereka kuti muwafotokozere madalaivala ndi anyamata a kabaza a kwanu. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pamene diso laona chinthu kufika pamene phazi laponda buleki pamapita pafupifupi sekondi imodzi ndi theka, kutanthauza kuti galimoto yayenda kale mamita oposa 30 mabuleki asanayambe n'komwe kugwira. Kuti iime pamafunikanso mamita ena ngati 35, ndipo apa tikunena galimoto yaing'ono, ya matayala abwino, pa tala wouma. Zonse pamodzi ndi pafupifupi mamita 70, kupitirira theka la bwalo la mpira. Lole yodzaza mabelo imafuna mtunda wautali kuposa pamenepa. Tsono ngati chifunga chikukulolani kuona mamita 30 okha, chilichonse chimene chili kutsogolo mwachigunda kale musanachione. Pa liwiro la 50 mtunda woimira umatsika kufika pa mamita ngati 35. Muyezo wake ndi wosavuta: yendani pa liwiro loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene maso anu akuona.

Ambiri akalowa m'chifunga amayatsa nyali zazikulu poganiza kuti aona patali. Timadontho tija timabweza kuwalako m'maso mwanu ngati kalilole, ndipo mumaona zochepa kuposa poyamba. Nyali zake ndi zazing'ono, zoloza pansi. Vuto lina limachokera m'kati mwa galimoto momwemo: minibasi yodzaza, mawindo onse otseka chifukwa cha kuzizira, mpweya umene anthu akupuma umachita nthunzi pagalasi la kutsogolo, ndiye muone kondakitala akupukuta ndi chipewa galimoto ikuthamanga. Kutsekula windo pang'ono kumathetsa zimenezi, ngakhale okwera angadandaule. Amene akupita kum'mawa pamsewu wa ku Mtunthama ndi Nkhotakota m'mawa, kapena kumadzulo dzuwa likulowa, amalimbana ndi dzuwa lotsika lowathobwa m'maso, makamaka galasi likakhala lafumbi. Ndipo kuyambira July anthu akayamba kutentha tchire posaka mbewa, utsi umadutsa pamsewu n'kuchita zomwe chifunga chimachita. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kupita kumpoto, imene inayamba mu 2022, ndi yoyamikika, koma msewu wosalala umakopa phazi, pamene chifunga sichinasinthe.

Amene amagundidwa m'chifungamo nthawi zambiri sakhala m'galimoto. Ndi ngolo yopanda chowala chilichonse kumbuyo, wanjinga atanyamula matumba a makala, mwana wa yunifolomu yakuda akupita kusukulu atakwinyira manja m'khwapa, mutu uli pansi chifukwa cha mphepo. Woyenda pansi aziyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zikubwera, kuti aone chimene chikumudzera. Tizidutswa ta tepi yowala tija amagulitsa m'mashopu a zipangizo za galimoto ndi totchipa poyerekeza ndi ng'ombe ziwiri. Mwini ngolo amate kumbuyo ndi m'mbali, mayi asokere kachidutswa pachikwama cha mwana. Wa kabaza wa njinga yamoto avale helimeti ndi kumanga lamba wake pachibwano, osangoikhazika pamutu kuti apolisi aone. Chipewa chaubweya chimateteza ku mphepo basi.

Galimoto ikafa usiku, ndipo nyengo ino zimafa kawirikawiri poti batire yotopa simachedwa kugonja kukazizira, ngozi yaikulu siili m'injini ayi. Ili kumbuyo kwanu, m'galimoto ina imene ikubwera osadziwa kuti mwaima. Ikankhireni kunja kwa msewu ngati n'kotheka, yatsani nyali zophethira, ndipo ikani ma triangle kutsogolo ndi kumbuyo. Ambiri amawaika masitepe asanu kuchokera pagalimoto, zomwe sizithandiza aliyense. Kumbukirani mamita 70 aja: werengani masitepe akuluakulu 50 kapena kuposa, ndipo ngati mwaima pakhota kapena kuseri kwa chitunda, chizindikiro chikhale khotalo lisanayambe. Nthambi zamasamba zimene timazolowera kuyala pamsewu zimathandiza masana, koma usiku sizioneka mpaka utazifika, ndipo amene amachoka osazichotsa, pamodzi ndi miyala imene anatsekera matayala, amatchera msampha wanjinga yamoto wobwera pambuyo. Okwera onse atsike, akakhale patali ndi msewu, kumbali, osati kutsogolo kwa galimoto yakufayo kapena pansi pake. Pali malo amodzi pamene langizo limeneli limatembenuka: msewu wa Kasungu kupita ku Nkhotakota umadutsa m'nkhalango yosungira nyama, mmene anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Mukafera mmenemo usiku, khalani m'galimoto ndipo musatume mnyamata kuti ayende wapansi kukafuna thandizo.

Madalaivala a malole ndi owathandizira amagona masiku angapo pamzere podikira kutsitsa fodya, ndipo kuzizira kukavuta ena amalowetsa mbaula m'kabini n'kutseka mawindo. Alonda ndi mabanja ena amachitanso chimodzimodzi m'zipinda. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umalowa m'magazi n'kukakamira pamalo pamene pamayenera kukhala oxygen, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa oxygen kokwana ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo tuloto ndi limene limamulepheretsa kudzuka kukatsekula chitseko. Makala ofiira amene asiya kufuka ndi oopsa chimodzimodzi. Kugona m'galimoto injini ikulira, mawindo ali otseka, nakonso kungathe kupha ngati paipi yotulutsa utsi ili yobooka. Mukapeza anthu awiri kapena atatu amene anagona malo amodzi onse akudandaula mutu m'mawa, musayambe ndi kuganiza za malungo kapena ufiti. Atulutseni panja, ndipo wofooka kapena wosokonezeka mutu apite kuchipatala kukalandira oxygen.

Zonyamula paulendo si zambiri, ndipo zambiri muli nazo kale m'nyumba: bulangete kapena awiri, zitenje zochapa ziwiri kapena zitatu zosungidwa m'jumbo, pepala lalikulu la pulasitiki ngati lija timafunditsira fodya, tochi, madzi akumwa, ndi foni yokhala ndi moto komanso mayunitsi. M'fonimo mukhale nambala ya wamkulu wa chipatala chaching'ono cha kwanu, ya mlangizi wa zaumoyo, ya apolisi apafupi ndi ya munthu mmodzi amene ali ndi galimoto. Mwini galimoto aonjezere ma triangle, jeke, tayala la sipeya lokhala ndi mpweya, ndi magolovesi. Chimene simuyenera kunyamula pamodzi ndi anthu ndi chigubu cha petulo, ngakhale mafuta asowe bwanji.

Tsopano tifike pa nkhani imene yachititsa kuti ndilembe. Thupi la munthu limagwira ntchito bwino pa madigiri 37. Likatsika kupyola 35, achipatala timati munthu walowa mu hypothermia, kutanthauza kuti thupi likutaya kutentha kuposa mmene likupangira. Munthu wabwinobwino amalimbana nako kuziziraku: amanjenjemera, amayendayenda, amadzifunditsa. Wovulala sangathe. Wagona pansi osasuntha, zovala zanyowa ndi magazi kapena mame, ndipo magazi amene akutayikawo ndi amene amanyamula kutentha kuzungulira thupi. Tsono apa ndi pamene pali msampha. Kuti bala lisiye kutuluka magazi, magaziwo amayenera kuundana, ndipo timichere ta m'magazi timene timagwira ntchito younditsayi timachita ulesi thupi likazizira. Munthu wozizidwa amataya magazi ambiri. Akataya ambiri amazizidwa koposa. Akazizidwa koposa magazi amalephereratu kuundana. Pamwamba pake, ziwalo zikasowa magazi zimatulutsa asidi amene amaonjezera kusokoneza kuundanako. Madokotala ochita maopaleshoni padziko lonse amaziopa zitatuzi zikakumana, chifukwa zikafika patali ngakhale kusoka mtsempha sikuthandiza, magazi amangosefukira paliponse. Ndipo sizifuna sinowo. Zimachitika ngakhale m'mayiko otentha, nanji usiku wa July pa Chatoloma.

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita asanu. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa imatha kutayikira m'kati mwa mwendo popanda dontho looneka kunja. Fupa la m'chiuno likasweka, otayika amaposa pamenepa. Choncho amene mukumuona alibe bala lalikulu akhoza kukhala kuti akutha magazi, ndipo chofunda chimene mwamufunditsa chikuthandiza magazi ake kuundana m'kati mmene dzanja lanu silingafike.

Poganizira zimenezi, onani zimene timachita ndi mtima wabwino. Munthu akakomoka timathamangira ndowa ya madzi n'kumukhuthulira kumutu kuti atsitsimuke. Timamuvula malaya, timamukupiza ndi katoni. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndiye kuthira madzi munthu amene akutaya magazi m'bandakucha wa June ndi kumukankhira kumanda. Lekani mwambo umenewu, ndipo mukaona wina akubwera ndi ndowa, muletseni ngakhale akhale wamkulu kwa inu. Ena amabwera ndi kachasu kuti "atenthetse m'thupi". Mowa umatsekula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja, munthu n'kumva ngati wafundidwa pamene m'kati akuzizira koposa. Ngakhale madzi akumwa kapena tiyi musamupatse wovulala kwambiri, ngakhale alire ludzu. Ludzulo ndi chizindikiro choti magazi achepa, ndipo ngati angafunike opaleshoni, za m'mimbazo zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo pomugoneka tulo. Munyowetseni milomo ndi kansalu basi. Dziwaninso kuti munthu wozizidwa kwambiri amasiya kunjenjemera, amayankhula mokoka lilime ndi kudzandira ngati woledzera. Wovulala m'mutu amachitanso chimodzimodzi. Mawu oti "asiyeni awa, ndi mowa" aphetsa anthu.

Mukafika pangozi, choyamba tumani anthu awiri ndi matochi, wina uku wina uku, akaimitse galimoto patali, kuti ngozi imodzi isabale inzake. Wina azimitse injini, ndipo pasapezeke wosuta. Wina aimbe foni, anene malo enieni ndi chiwerengero cha ovulala. Kenako yang'anani magazi. Bala limene likutuluka magazi ambiri likufuna chinthu chimodzi: kulipsinja. Pindani chitenje, chiikeni pabalapo, kanikizani ndi mphamvu zanu zonse kwa mphindi khumi osatukula kuti muone ngati asiya. Chikanyowa, sanjikizani china pamwamba, choyambacho musachichotse. Ngati mulibe magolovesi, valani jumbo m'manja. Musathire dothi, fodya, mchere kapena mafuta a mabuleki. Sizimaletsa magazi, zimangoononga mnofu, ndipo dothi limabweretsa kafumbata. Chitsulo kapena galasi lolowa m'thupi musalizule, ingolitchinjirizani ndi nsalu m'mbali. Ngati mkono kapena mwendo waduka kapena magazi akuthovoka osamva kupsinja, mangani pamwamba pa balalo, chakuthupi, ndi nsalu yotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, lowetsani kamtengo pamfundo n'kupotokola mpaka magazi asiye, kenako kamangeni kuti kasabwerere. Zimapweteka, ndipo wovulala adzakupemphani kuti mumasule, musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga ndipo mukawauze achipatala. Waya, chingwe chopyapyala kapena mphira ya chubu zimadula mnofu, musagwiritse ntchito.

Magazi akagwidwa, nkhondo yotsatira ndi ya kuzizira, ndipo imayambira pansi. Anthu ambiri amafunditsa pamwamba n'kuiwala kuti tala ndi dothi lonyowa ndi mame zikuyamwa kutentha kumsana. Yalani kanthu pansi pake: katoni, mphasa, ziguduli za fodya, matumba, ngakhale udzu wouma. Chovala chonyowa chidulidwe kapena kung'ambidwa m'malo momupotokola pomuvula. Mufunditseni bulangete thupi lonse ndi kumutu komwe, nkhope yokha ioneke, ndipo pepala la pulasitiki likhale kunja kwa bulangete kuti litchinge mphepo. Musamusendeze pafupi ndi moto kapena kumutikita manja ndi miyendo; khungu lozizira silimva kupsa, ndipo chimene tikufuna n'kusunga kutentha pachifuwa ndi pamimba. Ndamvapo anthu akukaniza bulangete poti lidetsedwa ndi magazi, kapena poopa kuti kufunditsa munthu wamoyo ndi kumulosera imfa. Bulangete limachapidwa.

Pangozi ya anthu ambiri maso amathamangira kwa amene akukuwa. Wokuwayo akupuma, ndipo ubongo wake ukulandira magazi. Pitani kaye kwa amene ali chete. Ngati wakomoka koma akupuma, makamaka ngati akuchita nkonono kapena m'kamwa muli magazi ndi masanzi, lilime ndi zamadzizo zikhoza kumutseka pakhosi. Mutembenuzeni agonere m'mbali, anthu atatu kapena anayi pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti uyende limodzi ndi thupi ngati chipika. Amene akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musamudzutse kuti ayese kuyenda ndipo musamukoke m'galimoto ndi manja pokhapokha ngati pali moto. Wanjinga yamoto musamuvule helimeti, kupatula ngati akusanza kapena akulephera kupuma. Mayi woyembekezera wa mimba yaikulu agonere kumanzere.

Kumudzi kuno ambulansi nthawi zambiri imakhala pikapu kapena lole imene yavomera kuima, ndipo ulendo umenewu ndi umene umaononga zambiri. Kunyamula munthu wothyoka msana wina miyendo wina manja, thupi likulendewera pakati, kungathe kumupuwalitsa moyo wake wonse. Pezani chitseko, thabwa kapena benchi. Mwendo wothyoka umangiriridwe ku mtengo kapena ku mwendo unzake. Kumbuyo kwa pikapu yothamanga mphepo imalanda kutentha kuposa pansi pamene anagona, choncho chitsulo cha galimoto chiyalidwe, wovulala akhale pafupi ndi kabini atakulungidwa, wina atagwira mutu, wina akupitiriza kupsinja bala. Dalaivala ayende mwachangu koma mosadumphitsa. Pitani kuchipatala chapafupi chimene chingathe kuika diripu ndi magazi, kaya ndi cha boma pa Kasungu, cha mishoni ku Nkhamenya, ku Madisi kapena St Andrew's ku Mtunthama, ndipo imbani muli m'njira kuti akonzeke. Ofunika madokotala a mafupa kapena a mutu adzawatumiza okha ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Nthawi ili ndi ntchito chifukwa china: pali jakisoni wotchedwa tranexamic acid amene amathandiza magazi oundana kuti asasungunuke, ndipo kafukufuku wamkulu wa CRASH-2 wa mu 2010, wa odwala oposa 20,000, anaonetsa kuti amachepetsa imfa. Koma amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe chichitikireni ngozi. Musataye ola kupolisi kudikira kalata muli ndi munthu wotaya magazi m'galimoto. Kalata itsatira.

Pali gulu lina limene limandidetsa nkhawa: amene amadzuka, kudzisasa fumbi, n'kunena kuti ali bwino, akufuna akalondere mabelo awo. Kuno kumene malungo ndi osatha, anthu ambiri, makamaka ana, ali ndi kapamba wotupa, ndipo kapamba wotupa sachedwa kung'ambika munthu akamenyetseka kumanzere kwa mimba kapena m'nthiti. Magazi amatayikira m'mimba mwakachetechete. Zizindikiro zake ndi ludzu, thukuta lozizira, zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera, mtima kuthamanga, kupweteka m'mimba kapena paphewa lakumanzere, ndi chizungulire akaimirira. Wogunda mutu naye amatha kuyankhula bwinobwino kwa maola angapo magazi akudzadza m'chigaza. Aliyense amene anakomoka ngakhale pang'ono, amene sakukumbukira zimene zachitika, amene akusanza kapena akuodzera, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene wabwezedwa kunyumba asagone yekha usiku woyamba.

Ana ali ndi vuto lawo ngakhale popanda ngozi. Thupi laling'ono limataya kutentha msanga, mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo khanda silitha kunjenjemera mokwanira kuti lidzitenthetse. Mwana wonyentchera ndiye woopsa koposa. Mayi akakwera njinga yamoto m'bandakucha kupita kusikelo mwana ali kumsana, kapena banja la matenanti likamabwerera kwawo pa lole yotsekula msika ukatha, mwana amamenyedwa ndi mphepo kwa maola. Muvekeni chipewa ndi masokosi, ndipo thewera lonyowa lisinthidwe musananyamuke. Khanda limene lazizira pamimba ndi kumapazi, likukana kuyamwa ndipo likulira mofooka, liikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, monga timachitira ndi ana obadwa masiku asanakwane pa njira ya kangaroo, mufunde nalo limodzi, muliyamwitse likatha kuyamwa, ndipo mupite nalo kuchipatala. Ngati ulendo ungathe kudikira mpaka dzuwa litakwera ndi chifunga chitabalalika, udikire.

Zina sizili m'manja mwa makolo. A Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi apolisi apamsewu akamayang'ana ziphaso nyengo ino, aziyang'ananso nyali za kumbuyo kwa malole, chifukwa lole yopanda nyali imene yaima m'chifunga ndi khoma. Eni malole onyamula fodya asamapanikize dalaivala mmodzi kuyenda usana ndi usiku. Makhonsolo ndi mafumu angathe kugwirizana kuti ngolo yopanda tepi yowala isakwere pa tala dzuwa litalowa. Ndipo m'misika ya m'mbali mwa M1, kuyambira Mponela, Madisi, Bua, Chinkhoma mpaka Nkhamenya ndi Jenda, payenera kukhala anthu ophunzitsidwa chithandizo choyamba pakati pa amene amakhalapo usiku: a kabaza, oitanira minibasi, alonda, ogulitsa tchipisi. A Red Cross amaphunzitsa zimenezi, ndipo komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ingathe kuwapempha kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo. Pamaphunziro amenewo panenedwenso za khalidwe lathu pangozi. Amene akujambula ndi foni kuti atumize pa WhatsApp ali ndi manja awiri amene akanapsinja bala. Amene amathamangira kutola katundu, ndi amene amafuna kumenya dalaivala, amachititsa kuti madalaivala ena aziopa kuima, ndipo galimoto imene yathawayo ndi imene ikananyamula wovulala.

Kuchipatala nako, magazi amene timaika ovulala sachokera kufakitale. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Tchuthi chachikulu chimayamba msika wa fodya usanathe. Munthu wathanzi amapereka pafupifupi theka la lita, ndipo ntchito yake simatha ola. Odzipereka amene muli ndi misonkhano ya m'midzi mwezi uno, funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma tsiku limene otenga magazi adzafike kwanu, mulilengeze kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo pamsonkhano womwewo mugwirizane nyumba ya m'mbali mwa msewu imene muzisungamo thumba la mabulangete awiri, zitenje, pulasitiki ndi tochi, yoti aliyense aziidziwa ndipo angathe kugogoda usiku.